Digiri ya pafoni: dengu silidziyeza lokha

Aliyense amene adathyolako tiyi m'minda ya kwa Mphuka ku Thyolo akudziwa kuti dengu limanama. Umalawira m'bandakucha, kulowa m'munda mame asadakamuke, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo, kuthyola, kuponya kumbuyo. Dzuwa likamafika pamutu msana wayamba kuwawa, mapewa alema, ndipo mumtima wayamba kale kuwerengera ndalama, uli lero lokha ndapha. Koma kufika pasikelo, akalaliki kukoleka, nambala yotuluka ndi ina. Msana umati masamba ngambiri, sikelo ikuti ayi. Tsono malipiro amatsata sikelo, satsata msana.

Nkhani yathu sabata ino ikukhudza dengu la mtundu wina. Masiku ano makolo ambiri ali ndi mwana amene akuti ali ku yunivesite koma theka la maphunziro ake lili m'foni. Mabanja achinyamata nawo salinso m'mbuyo: bambo ndi mphunzitsi wa pulayimale, akufuna digiri, mayi ndi kalaliki pa esiteti, akufuna dipuloma, onse akuphunzira ali pakhomo kudzera pa intaneti. Mukawafunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji, yankho limakhala limodzi: "Zikuyenda." Funso nali: kodi zikuyendadi, kapena ndi msana chabe ukulankhula sikelo isadanene zake?

Tiyerekeze banja lina

Tiyerekeze banja la kwa Mphuka komweko. Bambo amathyola tiyi nyengo ya mvula, ntchito ikachepa m'chilimwe amagwira maganyu. Mayi ali ndi kageni ka mandasi ndipo ali m'gulu la banki m'khonde. Mwana wawo wamkazi woyamba adakhoza bwino MSCE ndipo adapeza malo pa yunivesite ina, m'ndondomeko yophunzira uli kwanu. Fizi adasonkherana ndi amalume ake a mwanayo. Foni yotsogola adachita kugulitsa mbuzi. Sabata iliyonse mayi amapatula kangachepe ka bandulo.

Mwanayo si waulesi ayi. Usiku onse foni ili m'manja, akuonera mavidiyo a aphunzitsi, akutsitsa manotsi, akuwerenga zimene anzake aponya pagulu la WhatsApp. Timayeso tating'onoting'ono ta pa intaneti akukhoza bwino zedi, poti manotsi amakhala ali pambali. Iye mwini akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akudziwa. Makolo nawo akumuona akutanganidwa, mtima uli m'malo.

Ndiye ifike nthawi ya mayeso enieni, m'holo, foni itatsala panja, woyang'anira akuyendayenda. Zotsatira kutuluka: maphunziro awiri walephera, akalembenso, zija ana asukulu amati sapu. Akapanda kusamala chaka chamawa amuchotsa, kuwidedwa kumene. Pakhomo pabuka mkangano. Bambo akuti mwanayu amangocheza ndi anyamata pafonipo. Mayi akuti mwina alipo wamuchita chipongwe. Mwana akulira, akuti aphunzitsi amudyera masuku pamutu.

Nthawi zambiri onse atatuwa amakhala ataphonya. Mwana sadaname, amamvadi ngati akudziwa. Vuto nlakuti kumva ngati wadziwa ndi kudziwa kwenikweni ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo maphunziro a pa intaneti, ukapanda kuchenjera nawo, amakulitsa mpata umenewu.

Tidachokera kutali

Kuphunzira uli kunyumba si zachilendo kuno kwathu. Agogo ena amene akuwerenga tsamba lino adapeza JC yawo kudzera ku Malawi Correspondence College, imene idayamba m'chaka cha 1965 ndipo pambuyo pake idasanduka MCDE. Manotsi ankabwera pa positi, maphunziro ena ankamveka pa wailesi ya MBC. Sukulu zambiri za CDSS zimene tili nazo lero zidachokera ku malo a MCDE omwewo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Nayo Mzuzu University idayamba kulandira ophunzira a m'ndondomeko yophunzira uli kutali mu 2011, ndipo idatsegula nthambi zothandizira ophunzirawa m'madera angapo, kuphatikizapo ku Mulanje, pafupi ndi Thyolo pomwepa.

Chimene chidasintha zinthu mwadzidzidzi ndi mliri wa Covid-19. Pa 20 March 2020 mtsogoleri wa dziko lino, Peter Mutharika, adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo kuyambira pa 23 March sukulu zonse, kuyambira pulayimale mpaka yunivesite, zidatsekedwa. Zidadzayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September chaka chomwecho, nkudzatsekedwanso kwa masabata angapo kumayambiriro kwa 2021. M'miyezi imeneyo sukulu zaukachenjede zambiri zidathamangira ku intaneti. Mayina amene kale ankadziwika ndi akatswiri okha, monga Moodle, Google Classroom ndi Zoom, adalowa m'nyumba za anthu wamba.

Mliri udatha, koma njirayo idatsala. Lero ngakhale mwana amene akugonera pasukulu, kaya ndi ku MUST pa Ndata m'boma la Thyolo lomweli, imene idatsegula zitseko zake mu 2014, kaya ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku LUANAR ku Bunda, sangathawe intaneti. Manotsi, mauthenga a aphunzitsi ndi ntchito zambiri zimadzera momwemo. Choncho nkhaniyi ndi ya kholo lililonse limene lili ndi mwana kusukulu yaukachenjede.

Ubwino ulipo, tisakane

Tisadayambe kudandaula, tiyamike kaye. Malo m'mayunivesite aboma ngochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza MSCE chaka ndi chaka, ndipo ambiri amatsala ngakhale ali ndi mapointi abwino. Kuphunzira kudzera pa intaneti kwatsegula khomo lina. Mayi wa mwana wakhanda sakuyeneranso kusankha pakati pa mwana ndi sukulu. Bambo wapantchito sakuyenera kusiya ntchito zaka zinayi banja likugona ndi njala. Ndalama ya thiransipoti, ya malo ogona ndi ya chakudya cha m'tauni imapulumuka.

Palinso ubwino wina. Mphunzitsi m'kalasi akanena chinthu, chapita. Koma vidiyo ungathe kuibweza kasanu mpaka umve. Mwana wamanyazi amene sangakweze mkono pagulu amatha kulemba funso lake. Mabuku amene kale ophunzira makumi asanu ankalimbirana limodzi mulaibulale, lero aliyense angakhale nalo m'foni.

Boma la America mu 2010 lidatulutsa lipoti limene lidasonkhanitsa kafukufuku wambiri pa nkhaniyi. Lidapeza kuti ophunzira amene amaphatikiza njira ziwiri, kukumana ndi mphunzitsi maso ndi maso komanso intaneti, amachita bwino kuposa a m'kalasi mokha. Koma olemba lipotilo adachenjeza kuti mwa zina nchifukwa choti ophunzira otere amathera nthawi yochuluka pa maphunziro ndipo amakhala ndi zipangizo zambiri. Mwachidule, chimakhozetsa si makinawo paokha, ndi ntchito imene munthu wagwira nawo.

Chikomekome cha mkuyu

Nanga bwanji munthu amadzinamiza kuti wadziwa? Akatswiri a za kaganizidwe ka munthu akhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo zimene adapeza nzothandiza kholo lililonse.

Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, adapatsa ophunzira nkhani yoti aloweze. Gulu lina lidangowerenga mobwerezabwereza. Gulu lina lidawerenga kamodzi, kenako nkumatseka pepala ndi kulemba zimene likukumbukira. Atawafunsa kuti ndani akudzidalira, obwerezabwereza aja ndiwo adati tikumbukira bwino. Patatha sabata imodzi adawayesa onse. Obwereza adakumbukira magawo 40 pa 100 aliwonse, pamene odziyesa okha aja adakumbukira magawo 61. Amene ankadzidalira kwambiri ndi amene adaiwala zambiri.

Mu 2019 ku yunivesite ya Harvard, Louis Deslauriers ndi anzake adayesa ophunzira a sayansi ya physics. Tsiku lina ankangomvetsera mphunzitsi wodziwa kulongosola bwino, tsiku lina ankapatsidwa mafunso kuti avutike nawo okha m'magulu mphunzitsi asadafotokoze. Ophunzirawo adati adaphunzira zambiri tsiku longomvetsera lija. Koma mayeso adaonetsa zosemphana: adakhoza bwino pa zimene adavutika nazo okha. Kafukufukuyu adachitikira m'kalasi, koma phunziro lake likugwira kwambiri pa mavidiyo. Vidiyo yokonzedwa bwino imatsetsereka ngati phala la mpunga. Ukamaonera umangogwedeza mutu, zonse zikumveka. Tseka foniyo, tenga pepala, ufotokoze wekha, mpamene umazindikira kuti zimamveka m'kamwa mwa mphunzitsi, m'mutu mwako sizidakhazikike.

Kafukufuku wina wa ku yunivesite ya Yale mu 2015 adapeza kuti anthu akangofufuza mayankho pa intaneti amayamba kudziona ngati odziwa zambiri, ngakhale pa nkhani zina zimene sadafufuze nkomwe. Munthu amasokoneza zimene zili m'foni ndi zimene zili m'mutu mwake. Zili ngati kugona pafupi ndi nkhokwe ya mnzako nkumati ndili ndi chimanga.

Nanga pa zotsatira zenizeni? Mu 2017 Eric Bettinger wa ku Stanford ndi anzake adaunika ophunzira oposa 230,000 a yunivesite ya DeVry ku America, kumene phunziro lomwelo, mabuku omwewo ndi mayeso ofanana zinkaperekedwa m'kalasi komanso pa intaneti. A pa intaneti adapeza magiredi otsikirapo, adavutikanso m'maphunziro otsatira, ndipo osiyira sukulu panjira adali ochulukirapo pakati pawo kusiyana ndi a m'kalasi. Amene adapwetekeka kwambiri ndi aja adali ofooka kale. Wophunzira wolimba ndi wodzisunga amapirira paliponse, koma wofunika kumugwira dzanja akasiyidwa yekha ndi foni amamira mwakachetechete.

Pamwamba pa zonsezi, kuchokera kumapeto kwa 2022 kudabwera ChatGPT ndi anzake, makina amene ukawafunsa amakulembera asayimenti yonse m'kanthawi kochepa. Ku Turkey adayesa ana a sekondale pafupifupi 1,000 pa masamu. Amene ankagwiritsa ntchito makinawa mwaufulu pokonzekera ankakhoza kwambiri ntchito zoyeserera, koma atawalanda makinawo pa mayeso adachita moipa kuposa anzawo amene sadawagwiritseko ntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za kwathu kuno nzinanso

Zonse tatchulazi ndi za kumayiko kumene magetsi sazima ndipo intaneti ili ngati madzi a pampopi. Kwa Mphuka mwana amayamba walimbana ndi zina asadafike nkomwe pa phunzirolo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumudzi chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Ambiri amadalira kasola kapadenga kapena kukatchajitsa foni pa sitolo. Tsono anthu a ku Thyolo mukudziwa mmene chiperoni chimakhalira miyezi yozizira: masiku atatu dzuwa osaoneka, kasola kali chete, foni yazima, tsiku lopereka asayimenti likuyandikira. Ngakhale amene ali ndi magetsi akukumbukira mmene zidalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuzimazima kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mapolo, kudula misewu ndi kutseketsa sukulu m'maboma a kummwera, Thyolo ali momwemo.

Dera lamapiri ndi zigwa ngati limeneli netiweki imasankha malo. Ena amachita kukwera pachulu kapena kupita kumsewu kuti uthenga ulowe. Phunziro la pa Zoom limadukaduka, mphunzitsi akumveka ngati ali m'chitsime. Bandulo nayo imatha msanga ukamaonera mavidiyo, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya foni ndi kompyuta idathawa anthu ambiri.

Apa pali msampha wina umene makolo sauona. Mwana akavutika maola awiri kusaka netiweki, kutsitsa manotsi, kuyenda ulendo wokatchajitsa foni, pofika madzulo watopa zenizeni, ndipo mtima umamuuza kuti lero ndagwira ntchito ya sukulu. Chonsecho sadawerenge tsamba ndi limodzi lomwe. Foni yadzaza mabuku, mutu uli mbee. Ndi msana uja ukunena kuti dengu lalemera.

Msampha uliponso wa mbali inayo. Alipo ana ena akhama amene amadziona ngati mbuli chifukwa ali okha. Sakuona anzawo akuvutika ngati iwo, akungoona pagulu la WhatsApp anthu awiri atatu olongolola amene amayankha chilichonse. Mwana wotere amataya mtima, nkusiya sukulu, pamene akadayezedwa akadapezeka kuti ali bwinobwino. Choncho kudziyeza ndi mtima kumanamiza uku ndi uku.

Foni ya sukulu m'banja

Tsopano tilankhule nanu achinyamata amene mwangolowa m'banja. Maphunziro a pafoni alowetsa mikangano yatsopano m'nyumba zambiri. Mayi ali pafoni mpaka 11 koloko usiku, mauthenga akungolowa, ena ochokera kwa amuna a m'kalasi mwawo. Bambo ali chigonere, maso ali kudenga, mtima ukuwira. Kapena bambo ndiwo akuphunzira, atseka chitseko, mayi akulimbana ndi ana okha, ndalama ya ndiwo yapita ku bandulo.

Bambo, ngati mudavomera kuti akazi anu aphunzire, vomerani ndi nthawi yomwe. Simungati phunzira, kenako nkumayembekeza kuti madzi osamba, nsima, zochapa ndi ana zonse zikhale mmene zidalili kale. Wophunzira wa pa intaneti amaoneka ngati ali pakhomo, koma maola amenewo muwatenge ngati ali m'kalasi ku Zomba. Kunyamula mwana maola awiri kuti mnzanu awerenge sikuchotsa ubambo. Digiriyo ikadzabwera idzadyetsa nyumba yonse.

Mayi, nanunso musapereke mpata wokayikitsa. Foni ya sukulu isakhale yobisa. Auzeni amuna anu kuti gulu ili ndi la kalasi, awa ndi aphunzitsi, nthawi yathu yokambirana ndi yakuti. Mnzanu wa m'kalasi akayamba kutumiza mauthenga opanda mutu pakati pa usiku, mudule msanga. Chimodzimodzi inu abambo amene mukuphunzira: mawu akuti ndili pa gulu la sukulu asasanduke chophimbira zina.

Ndipo nonse awiri khalani pansi muwerengere ndalama sukulu isadayambe. Fizi ndi gawo limodzi chabe. Pali bandulo ya mwezi ndi mwezi, kutchajitsa, kusindikiza mapepala, ulendo wokakumana ndi aphunzitsi, ulendo wokalemba mayeso ndi malo ogona kumeneko. Kwa amene ndalama zawo zimadalira nyengo ya tiyi, kumbukirani kuti miyezi ya mvula ndiyo ya ndalama, choncho patulani za miyezi yowuma nthawi imeneyo. Musalowe katapila chifukwa cha bandulo. Ngati nonse mukufuna kuphunzira koma thumba silikulola, gwirizanani kuti ayambe ndani, winayo adikire. Mapanga awiri avumbwitsa. Nkhani ikakula musadikire kuti ifike pomenyana, ankhoswe alipo.

Makolo, funsani mafunso oyenera

Kholo lina linena kuti ine sukulu ndidalekera Sitandade 5, za yunivesite ndingazidziwe bwanji? Musadziderere. Simufunika kudziwa phunzirolo kuti muone ngati mwana akulidziwa.

Choyamba, siyani funso lakuti zikuyenda bwanji, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. M'malo mwake muuzeni kuti: "Mwanawe, ika foniyo apo, undifotokozere m'Chichewa chimene waphunzira sabata ino." Amene wamvetsa chinthu amatha kuchifotokozera agogo ake mpaka amve. Akayamba kukanda m'mutu, kapena dzanja likamathamangira kufoni, dziwani kuti ntchito ikadalipo. Musamukalipire, mwamuthandiza kuona yekha.

Chachiwiri, pemphani kuona zotsatira zenizeni semesita iliyonse, zochokera kusukulu, osati zongomva pakamwa. Sukulu zambiri zimaika zotsatira pa intaneti, mwana angathe kukutsegulirani muone ndi maso. Ngati kuwerenga Chingerezi kumakuvutani, itanani amalume ake kapena mphunzitsi wa pafupi amene mumamukhulupirira. Wolipira fizi ali ndi ufulu woona sikelo. Koma chitani izi mwachikondi, chifukwa mwana woopa kukalipiridwa amabisa sapu mpaka zinthu zitafika poipa.

Chachitatu, yerekezani mamalikisi a ntchito zochitira kunyumba ndi a mayeso a m'holo. Ngati za kunyumba akukhoza kwambiri koma za m'holo akugwa, pamenepo pali nkhani. Mwina akudalira manotsi, anzake kapena makina aja kuposa mutu wake.

Chachinayi, mpatseni nthawi ndi malo. Mwana wamkazi makamaka ndiye amapwetekeka: poti ali pakhomo, ndiye wotunga madzi, wophika, wolera ang'ono ake, wopita kuchigayo. Mnzake wamwamuna akuwerenga. Gwirizanani maola oti pakhomo ponse padziwe kuti uyu ali m'kalasi, asatumidwe.

Chachisanu, musadalipire khobidi lililonse fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo nzovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira sukulu zaukachenjede. Pa intaneti pali sukulu zabwino, palinso akathyali amene amalonjeza digiri ya miyezi isanu ndi umodzi yopanda mayeso. Pepala lotere olemba ntchito salilandira, ndipo mbuzi ija yapita pachabe. Safunsa adadya phula. Funsaninso kusukuluko ngati mwana wanu angapemphe ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama la HESLGB, chifukwa malamulo ake amasiyana malinga ndi ndondomeko imene mwana akuphunzira.

Kwa iwe wophunzira

Iwe mwana wathu, tamvera. Makolo ako akuthyola tiyi mvula ili pamsana kuti iwe udzagwire cholembera. Usadzinamize.

Ukatha kuonera vidiyo kapena kuwerenga mutu umodzi, tseka zonse, tenga pepala, lemba zimene ukukumbukira, kenako tsegula uone zimene waphonya. Zimawawa, ndipo udzamva ngati sukudziwa kanthu, koma kuwawa kumeneko ndiye kuphunzira. Bwerezanso patatha masiku awiri, kenako patatha sabata. Kuwerenga pang'onopang'ono masiku ambiri kumaposa kuchezera usiku umodzi mayeso ali mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Saka mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, udziikire nthawi, ulembe foni ili kuchipinda china. Imeneyo ndiyo sikelo yako. Timayeso ta pa intaneti uyambe wayankha wekha manotsi ali chitsekere, ngakhale palibe akukuona.

Netiweki ikapezeka, tsitsa zofunika, kenako zimitsa data uwerenge. Bandulo ya sukulu isathere pa TikTok ndi mpira. Manotsi ofunika kwambiri uwalembe pamanja m'kope, poti kope silifuna kutchaja ndipo chiperoni sichilikhudza.

Usaphunzire wekhawekha. Fufuza anzako awiri kapena atatu a m'dera lako, ngakhale akhale a maphunziro ena, muzikumana kamodzi pa sabata pa sukulu ya pulayimale yapafupi kapena pa tchalitchi, muzifunsana mafunso ndi kufotokozerana. Mutu umodzi susenza denga. Nthawi yokakumana ndi aphunzitsi maso ndi maso ikakwana usajombe, ngakhale thiransipoti ivute bwanji, ndipo upite ndi mafunso olemba kale.

Makina olemba aja agwiritse ntchito ngati mnzako wokufunsa mafunso kapena wokufotokozera pamene sudamve, koma asakulembere ntchito. Amalakwitsanso, ndipo amalakwitsa molimba mtima. Kupereka ntchito imene sudalembe wekha ndi kubera, ndipo sukulu zimalanga. Ngakhale usagwidwe, tsiku lidzafika loti uime pamaso pa odwala, pamaso pa ana a sukulu kapena pamaso pa bwana, foni ili m'thumba.

Ndipo zikakuvuta, nena msanga. Kulephera phunziro limodzi si kutha kwa moyo. Uza makolo, lembera mphunzitsi, funsa ofesi yoona za ophunzira. Ngati mtima walemera mpaka tulo kusowa, usakhale chete, lankhula ndi munthu wamkulu amene umamukhulupirira kapena pita kuchipatala. Mavuto a sukulu asakufikitse poganiza zodzipweteka. Fizi imapezekanso, mwana sapezekanso.

Tibwerere kwa Mphuka

Banja lathu lija likadadziwa izi, mkangano uja sukadafika patali. Bambo akadasiya kuloza anyamata, mayi akadasiya kuloza anansi, ndipo mwana akadavomera kuti njira yake yowerengera ndiyo idali yolakwika. Sapu imalembedwa ndipo anthu amakhoza. Ambiri amene lero ali m'maofesi adadutsamo.

Maphunziro a pa intaneti abwera ndipo sabwerera. Kwa mwana wa kumudzi amene kale akadathera pa MSCE, ndi mwayi umene makolo ake sadaulote nkomwe. Tingowalandira ndi maso otsegula. Wothyola tiyi wanzeru sadikira madzulo kuti adziwe mmene tsiku layendera, amadziwa kuti dengu limapita kusikelo kangapo dzuwa lisadalowe, ndipo akaona kuti zachepa amawonjezera liwiro nthawi ikadalipo.

Ndiye madzulo ano, nsima ikatha, muitaneni mwanayo kapena mnzanu wa m'banjayo. Foni aike pamphasa. Mumufunse mwaulemu kuti, tatiuzani, sabata ino mwaphunzira chiyani? Kenako khalani chete, mumvetsere.